Apongozi akuti mwana akhale Cornelia, alamu akuti limenelo si dzina

Nambewe_wa_25

Moni nonse. Ndine mayi wa ku Area 25, ndimagulitsa kaunjika ku Tsoka, koma masiku ano ndili pakhomo chifukwa ndinachira masabata atatu apitawa, mwana wamkazi. Mchombo unagwa, tinatuluka m'chikuta, koma mpaka lero tikungomuitana kuti bebi. Pa buku la kusikelo malo a dzina ali mbee.

Nkhani yake ili chonchi. Mwanayu ndi chisamba, ndiye dzina ndi la akuchimuna, zimenezo sindikutsutsa. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Mitundu ndi nkhuku ndi thumba la ufa, atangomunyamula mwana anati, "Uyu ndi Cornelia." Iwo amatchula kuti Koneliya. Linali dzina la mayi awo, malemu agogo amene anabatizidwira ku Likuni kalekale. Ine mumtima ndinali nditakonza Tadala, koma ndinangoti zikomo amayi.

Lamulungu lapitali kunabwera alamu anga, aja anapitako ku seminale n'kusintha maganizo panjira. Atamva dzinalo anaseka mpaka kutsamwa ndi thobwa. Akuti, "Amayi, kwa eni ake limenelo si dzina. Zili ngati mwana mwamutcha Nabanda n'kulekera pomwepo. Akazi a ku Roma analibe maina." Apongozi anangoti, "Iwe sukulu yako yosamaliza ija usatisokose nayo." Nsima tinadya mwakachetechete, ngakhale nkhuku inali yokoma.

Tsono ndithandizeni inu odziwa. Zoona akazi kumeneko analibe maina? Nanga Cornelia ameneyu anali ndani? Ngati anali munthu wa mbiri yoipa mundiuze msanga, paja amati dzina limatsata mwana. Chinanso chikundizunguza mutu n'chakuti dzina la anthu olemera a kutsidya kwa nyanja linakafika bwanji kwa agogo a ku Mitundu amene sanapondeko m'kalasi? Akatekisiti akufuna dzina mwezi uno usanathe, ubatizo ndi mwezi wamawa.

Mphunzitsi_wopuma_Kawale

Mayi Nambewe, tikuthokoza Mulungu kuti mwachira bwino. Alamu anuwo sananame, kungoti anena theka, ndiponso ananena pa nsima zinthu zofunika kudikira madzi osamba m'manja. Ndinaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri ndipo Chilatini ndinachilawako, ndiye ndiloleni nditambasule. Ndikamati Aroma pano sindikunena Akatolika ayi, ndikunena anthu a mzinda wa Roma zaka 2,000 zapitazo.

Mwamuna wa banja lotchuka ankakhala ndi maina atatu. Tengani Gaius Julius Caesar. Gaius ndi lakelake, Julius ndi la pfuko, Caesar ndi la nthambi ya pfukolo. Mwana wamkazi akabadwa ankangotenga lapakatilo n'kulisintha kumapeto. Wa Julius ndi Julia, wa Claudius ndi Claudia, wa Aemilius ndi Aemilia, wa Caecilius ndi Caecilia, wa Cornelius ndi Cornelia. Katswiri wolankhula uja Cicero dzina lake lonse linali Marcus Tullius Cicero, ndipo mwana wake wamkazi amene ankamukonda koposa anali Tullia basi.

Taonani dzina limene mwalembera pano. Nambewe. Bambo anu ndi a Mbewe, si choncho? Ife timaika Na kutsogolo, abale athu Atumbuka amaika Nya, Aroma ankaika a kumapeto. Ndiye Cornelia tingati ndi Nakoneliyo. Ndipo monga inu simunasiye kukhala Nambewe tsiku la ukwati, mkazi wa ku Roma naye sankasintha dzina akakwatiwa. Ankafa ndi dzina la bambo ake.

Ana aakazi akakhala awiri, onse dzina limodzi, n'kumawasiyanitsa ndi mawu akuti Maior ndi Minor, wamkulu ndi wamng'ono. Mark Antony anabereka ana aakazi awiri mwa Octavia, onse Antonia. Akachuluka ankawawerenga: Prima, Secunda, Tertia, woyamba, wachiwiri, wachitatu.

Tsono Cornelia. Analipo ambirimbiri chifukwa pfuko la Cornelius linali lalikulu, koma Aroma akangoti Cornelia osaonjezera kanthu ankanena mmodzi. Bambo ake anali Publius Cornelius Scipio, mkulu wa asilikali amene anagonjetsa Hannibal, mtsogoleri wa nkhondo wa ku Carthage, pa nkhondo ya ku Zama m'chaka cha 202 BC, dera limene lero ndi Tunisia. Chifukwa chopambanira kuno ku Africa anamupatsa dzina lakuti Africanus. Mayi ake anali Aemilia, kumene kunachokera a Emily onse mukuwadziwawa. Anakwatiwa ndi Tiberius Sempronius Gracchus, bambo wamkulu kwambiri kwa iye, ndipo anabereka ana 12. Amene anakula ndi atatu okha: Tiberius, Gaius ndi mlongo wawo Sempronia. Asanu ndi anayi anawaika m'manda.

Mwamuna wake atamwalira, mfumu Ptolemy ya ku Egypt inatumiza mawu omufunsira. Anakana. Anatsala wamasiye n'kulera anawo, kuwaitanira aphunzitsi a Chigiriki pakhomo. Pali nthano imene Aroma ankakonda kukamba, yakuti kunabwera mlendo, mayi wachuma wa ku Campania, n'kuyamba kuonetsa mikanda ndi zibangili zake. Cornelia anamucheza mpaka ana atabwera kusukulu, n'kuwaloza kuti zokongoletsa zake ndi amenewa. Nthanoyi anailemba anthu a pambuyo pake, ndiye muilandire ngati nthano.

Zimene si nthano ndi zimene zinachitikira anawo, ndipo nkhani yake ndi ya malo, imene ife Amalawi sitifunika kufotokozeredwa. Minda ya boma anali ataiphangira anthu olemera, n'kumalimitsa akapolo, pamene asilikali obwera kunkhondo ankapeza alibe polima. M'chaka cha 133 BC Tiberius anasankhidwa kukhala woimira anthu wamba, udindo wotchedwa tribune, ndipo anabweretsa lamulo lakuti munthu mmodzi asapitirire mahekitala pafupifupi 125 a malo a boma, otsalawo agawidwe kwa osauka. Akuluakulu a bwalo la Senate anamukutumula ndi zibonga ndi miyendo ya mabenchi mpaka kufa, pamodzi ndi omutsatira pafupifupi 300, mitembo n'kuiponya mu mtsinje wa Tiber. Amene anatsogolera gululo, Scipio Nasica, anali mwana wa mkulu wake wa Cornelia, mayi amenenso dzina lake linali Cornelia. Mwachichewa ameneyo si msuweni, ndi mbale wake weniweni wa Tiberius. Gaius anatola mkondo wa mkulu wake, nayenso anafa m'chaka cha 121 BC, ndipo omutsatira pafupifupi 3,000 anaphedwa.

Mayiyo anakakhala ku Misenum, kufupi ndi Naples. Wolemba mbiri wakale Plutarch analemba kuti ankalandira alendo n'kumasimba za ana akewo popanda msozi, ngati akukamba za ngwazi za makedzana, mpaka ena ankati mwina mutu wasokonekera ndi ukalamba ndi chisoni. Plutarch yemweyo anati osokonekera ndi iwo amene sankamvetsa.

Chimene chimandigwira mtima ine ndi ichi. Anawo ali anyamata, akuti mayi awo ankawadandaulira kuti anthu akumutchabe apongozi a Scipio, chifukwa Sempronia anakwatiwa ndi Scipio wina wotchuka, m'malo momutcha mayi wa a Gracchus. Ankafuna kukhala amake uje, ngati mmene inu muyambire kutchedwa posachedwapa. Anachipeza chimene ankafunacho, koma pa mtengo wa maliro awiri. Aroma anamuumbira chifanizo chamkuwa. Chifanizocho chinatayika, koma mwala umene chinakhalapo ulipo mpaka lero ku Capitoline Museums ku Roma, ndipo palembedwa kuti Cornelia, mwana wa Africanus, mayi wa a Gracchus. Maina atatu pamwala umodzi, onse a amuna.

Ndiye za mbiri yoipa musaope. Pa akazi onse a ku Roma palibe amene ankalemekezedwa kuposa ameneyu.

Kabaza_wa_Biwi

Aise, ndiye kuti mayi anga a Emily, azakhali a Julita ndi chemwali wanga Valeria tonse ndife a ku Roma osadziwa? Tikatenge malo athu kumeneko basi.

Koma zowerenga ana ngati mbuzi zandipha. Tangoganizani aphunzitsi akuitana maina m'kalasi, "Claudia!" atsikana 14 n'kuimirira. Kapena ukutumiza ndalama pa foni kwa chibwenzi, zikakalowa kwa mkulu wake, dzina n'kutuluka lomwelo. Madala a ku Kawale, ndiye Secunda akamwalira Tertia ankakwera giredi?

Mayi Nambewe, mverani apongozi. Anabwera ndi nkhuku. Alamuwo anabwera ndi chiyani?

Mayi_wa_kwaya_Likuni

Aphunzitsi mwafotokoza bwino, koma funso lachitatu la mayiwa simunaliyankhe, ndipo ndikuona ngati mukufuna tikhulupirire kuti agogo a ku Mitundu anatchedwa dzina la mwana wa Scipio. Ayi ndithu. Ansembe ndi akatekisiti a nthawi imeneyo sankapereka maina a anthu achikunja, kaya akhale otchuka bwanji. Pa ubatizo umalandira dzina la woyera kapena la m'Baibulo, ndipo nthawi zambiri wosankha sunali iwe.

Cornelius ali mu Machitidwe a Atumwi mutu 10, mkulu wa asilikali wa ku Caesarea amene Petulo anamubatiza pamodzi ndi a m'nyumba mwake, munthu wosakhala Myuda. Palinso Papa Cornelius amene anatsogolera mpingo kuyambira 251 mpaka 253 n'kufera kumene anamuthamangitsira, kunja kwa mzinda wa Roma. Timamukumbukira pa 16 Seputembala pamodzi ndi mnzake Cyprian, episkopi wa ku Carthage, Mwafirika. Maina awiriwa amatchulidwa m'pemphero loyamba la Ukaristia, amene amamvetsera Misa anawamvapo. Ndiye mwana wamwamuna Cornelius, wamkazi Cornelia, basi. Mayi Nambewe, tawafunsani apongozi ngati akudziwa mwezi umene agogowo anabatizidwa. Musadabwe akati Seputembala.

Ine dzina langa la ubatizo ndi Cecilia, ndipo m'kwaya mwathu tilipo anayi, ndiye Kabaza usaseke Aroma, timachita kunena kuti Cecilia wa alto, Cecilia wamfupi. Cecilia Woyera anali mtsikana wa banja lolemera la ku Roma amene anafera chikhulupiriro, nkhoswe ya oimba, chikondwerero chake pa 22 Novembala. Tsiku limenelo makwaya timavala yunifolomu yatsopano ndipo kumakhala mpunga. Tchalitchi lake lili ku Trastevere mu mzinda wa Roma. M'Malawi muno dzinali linamveka kwambiri chifukwa cha Mama Cecilia Kadzamira, moti a m'badwo wanga ambiri sanalitengere kwa woyera koma kwa iwo.

Ndipo si Akatolika okha. A CCAP tsegulani Aroma 16 ndime 15, Paulo akupereka moni kwa Julia. Pa 2 Timoteo 4 ndime 21 pali Claudia. Priscilla ndi mwamuna wake Aquila ali mu Machitidwe 18. Maina amenewa anabwera ndi Buku, sanabwere ndi mbiri ya nkhondo.

Mphunzitsi_wopuma_Kawale

Mayi a kwaya mwandigwira pabwino, ndavomera. Koma ndikufunseni: msilikali wa ku Caesarea uja, kapena Julia amene Paulo akumulonjera pakati pa Akhristu osauka, maina a mabanja achifumu anawatenga kuti? Apa m'pamene pali mlatho, ndipo ndi gawo limene ndinkalikonda kwambiri pophunzitsa.

Ku Roma kapolo akamasulidwa ankatenga dzina la pfuko la mbuye wake. Mlendo akapatsidwa unzika ankatenga la munthu amene wamupezera unzikawo. Wolamulira wankhanza uja Sulla, amene dzina lake lonse linali Lucius Cornelius Sulla, anamasula akapolo oposa 10,000 a adani ake amene anawapha, ndipo onsewo anasanduka a Cornelius. Ana awo aakazi onse a Cornelia. M'nyumba za mafumu a pfuko la Julius ndi la Claudius munali akapolo miyandamiyanda, ndipo omasulidwa ankatuluka ali a Julius ndi a Julia, a Claudius ndi a Claudia. Kenaka m'chaka cha 212 mfumu Caracalla inapereka unzika kwa pafupifupi mfulu zonse za mu ufumuwo, ndipo anthu ochuluka zedi, kuphatikizapo a ku Egypt, anatenga dzina lake lakuti Aurelius, akazi Aurelia. Zikufanana ndi mmene ena kuno anatengera maina a azungu amene ankawaphikira kapena kuwalimira m'maesiteti, lero zidzukulu zikuyenda nawo.

Ndiye dzina limene linali mpanda wotchingira anthu wamba linafalitsidwa ndi anthu a kunja kwa mpandawo. Mpingo woyamba unadzala ndi anthu oterowo. Mabanja enieniwo ambiri anatha, mbewu inazima, maina n'kutsala m'manja mwa zidzukulu za akapolo awo.

Koma olemerawo ena analowanso mpingo. Jerome, amene anamasulira Baibulo m'Chilatini, analemba kuti mnzake Paula anali wa magazi a Scipio ndi a Gracchus. Mayi ameneyu anasiya chuma ku Roma n'kukakhala ku Bethlehem, kumene anamwalira m'chaka cha 404. Fabiola, wa pfuko la Fabius, anagulitsa katundu wake n'kumanga chipatala cha osauka ku Roma.

Za dzina lanu mayi Cecilia, pali china. Mukatuluka mu Roma pa msewu wakale wa Via Appia pali manda aakulu ozungulira ngati nkhokwe yamiyala, aakulu moti patapita zaka zoposa 1,000 anthu anawasandutsa linga la nkhondo. Ndi a Caecilia Metella. Mwala wake umangonena kuti anali mwana wa Quintus Creticus komanso mkazi wa Crassus. Za moyo wake palibe chinalembedwa. Mtsikana wofera chikhulupiriro uja ndiye akuimbiridwa ku Likuni.

Kabaza, Tertia sankakwera giredi. Panali Junia Tertia, mlongo wa Brutus, mkazi wa Cassius, awiri amene anatsogolera chiwembu chopha Caesar. Anakhala ndi moyo zaka zoposa 60 amuna awiriwo atafa, anamwalira m'chaka cha 22 AD akadali Tertia, ndipo pogawa chuma chake anasiyira akuluakulu ambiri koma mfumu Tiberius (wina, osati mwana wa Cornelia uja) anaidumpha. Ndipo poti umakonda kuseka: ukamati Julayi ukutchula Julius Caesar, ukamati Ogasiti ukutchula mfumu Augustus. Bwalo la Senate linafunanso kuti Okutobala atchedwe Livius polemekeza Livia, mkazi wa Augustus, koma mwana wake Tiberius anakana. Tikanakhala ndi mwezi umodzi wa mayi.

Naphiri_Area49

Bambo aphunzitsi, ndi ulemu wonse, kufanizira kwanu kwa Na ndi a ndi kokoma m'khutu koma kukubisa chinthu chachikulu. Ine ndine Naphiri, inde, koma ndili ndi dzina langalanga limene anandipatsa azakhali. Naphiri ndi ulemu woonjezera. Kwa mtsikana wa ku Roma dzina la pfuko linali zonse. Ndipo kwathu ku Nathenje ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, mkamwini amabwera kudzamanga kwa mkazi, ufumu umapita kwa mwana wa mlongo. Cornelia uja anabereka 12 koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anali wa pfuko lake. Mwana wake wamkazi anali Sempronia, dzina la bambo. Dzina la mayi linkathera pa iye mwini.

Dzinalo linali ngati chizindikiro chimene amadinda pa ng'ombe, kuti aliyense adziwe khola. Lamulo linkalola mtsikana kukwatiwa ali ndi zaka 12. Caesar anapereka mwana wake Julia kwa mkulu wa asilikali Pompey m'chaka cha 59 BC pofuna kumanga mgwirizano wa ndale, mwamunayo ali wamkulu kuposa Caesar mwiniwake. Julia anamwalira pobereka mu 54 BC, chingwe chinaduka, ndipo mu 49 BC mpongozi ndi mkamwini anali pa nkhondo. Julia wina, mwana yekhayo wa Augustus, anakwatitsidwa katatu motsatira zofuna za bambo ake, kwa Marcellus, kwa Agrippa, kenaka kwa Tiberius. Pamapeto pake bambo ake omwewo anamuthamangitsira ku kachilumba ka Pandateria mu 2 BC pomuimba mlandu wa chigololo, ndipo anafa asanabwererenso ku Roma.

Nthano ya zibangili ija ndimaikayikira pa chifukwa china. Anailemba ndi amuna, pofuna kuuza akazi awo kuti taonani mnzanu sankapempha ndolo.

Ine ndikanakhala ndi mwana wamkazi ndikanasankha Hortensia. M'chaka cha 42 BC olamulira atatu, Antony, Octavian ndi Lepidus, analamula kuti akazi olemera 1,400 apereke msonkho wolipirira nkhondo yapachiweniweni. Akaziwo analowa pabwalo la mzinda, malo amene mkazi sankalankhulapo, ndipo Hortensia anafunsa chifukwa chimene ayenera kukhomera msonkho pamene alibe gawo pa maudindo ndi pa ulamuliro. Olamulirawo anakwiya, anatuma asilikali kuti awabalalitse, khamu linakuwa, ndipo m'mawa mwake chiwerengero chinatsika kufika pa 400. Kale kuposa apo, mu 195 BC, akazi anatseka misewu mpaka lamulo la Oppia, loletsa mkazi kukhala ndi golide wambiri ndi kuvala zovala zamawangamawanga, linachotsedwa. Amayi athu amene anakhala pansi pa lamulo la 1973 loletsa buluku ndi siketi yaifupi angaimve bwino nkhani imeneyi.

Achemwali Nambewe, sindikunena kuti mukane Cornelia. Koma Tadala wanuyo musamutaye. Munamunyamula miyezi isanu ndi inayi ndinu.

Nambewe_wa_25

Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti mundiyankha chonchi. Dzulo madzulo magetsi atazima ndinakhala pakhonde ndi apongozi, mwana ali pamiyendo pawo, n'kuwawerengera zonse pa foni, kungodumpha za Kabaza ndi za ng'ombe zija.

Za Hannibal ndi za Senate sizinawakhudze, ankangoti "eya, eya" uku akuthamangitsa udzudzu. Koma nditafika pa ana 12 n'kutsala atatu anandiimitsa, akuti bwerezanso. Ndinabwereza. Anakhala chete nthawi ndithu, kenaka anati mayi awo anabereka 11 ndipo anakula ndi anayi, ena chikuku, ena kungotentha thupi usiku umodzi. Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndipo bambo a mwanayu nawonso akuti sanamvepo. Pa nkhani ya malo anaseka, akuti agogowo anakaimapo pabwalo la amfumu kulimbirana dimba ndi munthu wina wa ndalama, ndipo dimbalo ndi limene akulimamo tomato mpaka lero.

Mayi a kwaya, mwezi wa ubatizo sakuudziwa. Akungokumbuka kuti dzinalo anasankha ndi akatekisiti, agogowo ali kale ndi ana awiri. Ndiye ndinafunsa kuti nanga asanabatizidwe ankatchedwa ndani? Achemwali Naphiri, imvani izi. Akuti mudzi wonse unkangoti Nankhoma. Amuna awo ankati Nankhoma, amfumu Nankhoma, pa maliro awo anthu ankalira Nankhoma. Cornelia linkamveka kutchalitchi kokha. Dzina la paubwana analinalo ndithu, koma apongozi anayesa kulikumbuka mpaka kugwira mutu, silinabwere. Mwana sankatchula dzina la mayi ake, ndiye analimva mwina kawiri moyo wawo wonse. Akuti akafunsa achemwali awo aakulu ku Mitundu, ngati nawonso sanaiwale. Ndawapatsa ndalama ya mayunitsi kuti aimbe lero, chifukwa tsopano ndikulifuna dzina limenelo kuposa onsewa.

Pa buku la kusikelo talemba Cornelia Tadala. Apongozi anavomera Tadala mosavuta, anati bola lawo likhale patsogolo. Alamu aja ndawatumizira zimene analemba aphunzitsi, ayankha kuti "ndimanena zomwezo." Apongozi awalamula kuti diresi ya ubatizo agule ndi iwowo, yatsopano ya m'sitolo, osati ya pa mulu wanga ku Tsoka.